Singano Inatuluka Youma

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye Yesu ukhale nanu. Amene mwayankha Amen mwachita bwino. Amene mwangondiyang'ana sindikukudandaulani, chifukwa mukundidziwa.

Dzina langa ndine Wiliyamu, wa konkuno ku Utale, m'mbali mwa Rivirivi. Ambiri mumandidziwa ndi dzina la kumowa lija, a Loya. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma pa mtsutso panalibe wondiposa. Ndikamwa kachasu ndinkadziwa zonse: malamulo, mankhwala, ndale, ngakhale Baibulo limene sindinkaliwerenga.

Abusa andipatsa mphindi khumi. Ndawauza kale kuti sizikwana.

Mayi athu atamwalira, amalume n'kutsatira, umwini mbumba unagwera ine. Mukudziwa mwambo wathu. Mlongo wako akadwala, akakangana ndi mwamuna, akafuna malo olima, mawu omaliza ndi ako. Udindo umenewu unapatsidwa kwa munthu amene ankadzuka m'ngalande. Ndinkaunyamula ngati yunifolomu ya polisi.

Mlongo wanga anali mmodzi yekha, Esinati, wonditsatira. Mwamuna wake anali a Paulino, a ku Machinga, mbali ya ku Nsanama. Makolo awo anachokera ku Mozambique kalekale. Munthu wamfupi, wosalankhulalankhula. Anabwera pa chikamwini pamudzi pathu, nakhala ndi Esinati zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ana awo awiri anamwalira ali makanda, ndipo ena sanabwerenso.

Ndinkadana nawo alamu angawo. Lero ndinena chifukwa chake, popeza kale ndinkabisa. Anatenga kadambo kamene ine ndinakalephera, m'mphepete mwa mtsinje, nakasandutsa dimba. Matimati, mpiru, anyezi. Anagula mbuzi. Anafolera nyumba ndi malata, pamene yanga inkadontha pamphasa penipeni. Tsiku lililonse ndikamachokera kumowa ndinkadutsa pa malata amenewo, akuwala pa nthaka ya mayi anga.

Ndinkawatcha tambala wobwereka. Iwo ankangoti, "Zikomo alamu," n'kunyamula ndowa yawo kupita kothirira. Kufatsa kumeneko kunkandipsetsa mtima kuposa chipongwe.

Esinati anayamba ndi msana. Tonse tinati ndi khasu. Kodi kuno kuli mayi amene msana sumupweteka? Anamwa panado mpaka kutopa naye. Kenako anayamba kufooka, m'maso mwayera. Kuchipatala cha boma anamuwonjezera magazi kawiri, koma ankangotha ngati akuthira m'dengu. Tsiku lina anakhosomola, nthiti n'kuthyoka. Kukhosomola chabe, abale.

Pofika nthawi yokolola sankathanso kudzitembenuza yekha pamphasa. Ukamugwira mkono ankakuwa. A Paulino anapeza njira yawo. Ankapinda chitenje theka, n'kuchilowetsa pansi pa thupi pang'onopang'ono, kuyambira kumapewa mpaka m'chiuno. Akatero ankazungulira mbali inayo, n'kukoka chitenjecho, thupi lonse n'kutembenuka limodzi, popanda dzanja kukanikiza fupa. Ankachita zimenezi kangapo pa tsiku, n'kuthamangira kudimba, n'kubweranso. Ine ndinkaseka. Ndinkati mwamuna wasanduka mzamba.

Madokotala atatitumiza kuchipatala chachikulu cha mumzinda, ndinapita nawo. Sindinapite chifukwa cha chisoni. Ndinapita kuti anthu aone kuti mwini mbumba alipo.

Polemba mayina, nesi anafunsa nambala ya foni ya gadiyani, woti adzamuimbire pakakhala uthenga. A Paulino anayamba kutchula yawo. Ndinawadula pakamwa.

"Lembani yanga. Awa ndi obwera. Mwini wake wa munthuyu ndine."

Nesi anayang'ana alamu anga. Iwo anaweramitsa mutu. Nambala imene inalowa m'buku ndi yanga. Gwirani mfundo imeneyi, tidzaipezanso kutsogolo.

Anamujambula mafupa. Dokotala anali mayi wachitsikana, wovala magalasi. Anaika chithunzi cha mutu wa Esinati powala, ndipo ndinaona timabowo tambirimbiri m'chibade, ngati chimanga chimene anankafumbwe achilowa. Anati akuganizira matenda ena ake, koma kuti atsimikize ayenera kutenga mafuta a m'mafupa, akawayeze.

Ndinakakamira kulowa nawo m'chipinda chimene ankachitira zimenezo. Ndisaname, ndinali nditalawa kale kunja kwa geti. Anamugoneka Esinati chammbali, namubaya mankhwala oti pachite dzanzi, kenako analowetsa singano yaikulu pa fupa la m'chiuno, chakumbuyo. Dokotala anakoka jakisoni. Simunalowe kanthu. Anasuntha singano, nakokanso. Mbee. Anaitana dokotala wina wamkulu, nayenso anayesa malo ena. Jakisoni anabwerera wouma ngati mmene anachokera m'pepala.

Analankhulana m'Chingerezi. Kenako anatenga singano ina, nadula nayo kachidutswa ka fupa, kochepa ngati kamtengo ka machesi, n'kukaponya m'kabotolo.

Dokotala wa magalasi uja anatikhazika pansi, ine ndi alamu. Anati, "Mafuta sanatuluke. Sizichitika kawirikawiri, koma zimachitika, ndipo zili ndi zifukwa zake. Kachidutswa aka tikatumiza kokayeza. Pitani kunyumba ndi mankhwala opha ululuwa. Zotsatira zikabwera tidzakuimbirani, ndipo mudzabwere msanga."

Mawu onsewo analankhula bwinobwino, m'Chichewa chomveka. Ine ndinatolapo awiri okha: mafuta sanatuluke.

Abale, ine ndadya nyama ya mbuzi moyo wanga wonse. Ndimadziwa fupa. Fupa lililonse limakhala ndi mafuta mkati. Fupa lopanda mafuta ndi limene munthu waliika pakamwa n'kuliyamwa. Ndinaphatikiza timabowo ta m'chibade tija, magazi ongotha aja, ana awiri omwalira aja, mbuzi zawo zoswa mapasa, ndi malata. A Loya anamaliza mlandu tisanafike ndi pa depoti pomwe.

Sabata yomweyo ndinapalasa njinga kupita kwa sing'anga wina ku Kalembo. Sindimunenera zambiri munthu ameneyo. Anangondigulitsa katundu amene ndinapita naye ndekha. Anandifunsa kuti wodwalayo amagona ndi yani m'nyumba, ndinamuuza. Anafunsa ngati pamudzi pali wobwera amene zake zikuyenda, ndinamuuza. Kenako anagwedeza nsupa yake n'kundibwezera mawu anga omwe, ine n'kuwomba m'manja kuti koma ndiye aona.

Ndinasonkhanitsa abale pansi pa mtengo wa mango uli pakhomo pa Esinati. Dzuwa linali paliwombo. Ndinalankhula ngati ndili m'khoti. Ndinati ndaona ndi maso angawa, madokotala awiri alephera kupeza ngakhale dontho. Ndinati munthu uyu akukhwimira mlongo wanga, akumuyamwa kuti dimba lake libereke. Ena mwa amene munagwedeza mitu tsiku limenelo muli muno. Sindikutchulani. Amene anayatsa moto ndine.

A Paulino sanadziteteze kwambiri. Anati, "Alamu, dokotala anati tidikire foni." Ndinati foni yake ndi iti, poti tadziwa kale. Ndinalowa m'nyumba, n'kutaya panja bulangete lawo ndi malaya.

Anatola zinthuzo, namanga panjinga. Asanakwere anabwerera kwa ine.

"Ndikupita, pamudzi ndi panu. Koma chonde, pomutembenuza musamamugwire mikono. Muziyala chitenje. Bwerani ndikuonetseni, sizichedwa."

"Iwe undiphunzitse kusamala mwana wa mayi anga?"

Mawu a Esinati anatuluka m'nyumba. Analibe mphamvu yofuula, koma tonse tinamva. "Achimwene, musatero. Mukawathamangitsa awa mwandipha ine." Ndinauza abale kuti amudyetsa mankhwala, n'chifukwa chake akuwaikira kumbuyo.

A Paulino anapita. Mbuzi anazisiya, dimba analisiya matimati ali pafupi kupsa. Pa zinthu za m'nyumba anatengapo chitenje chimodzi chakale cha mkazi wawo.

Patapita masabata atatu foni inalira. Ndinali pa mowa, pakati pa anzanga. Mawu a mayi wina anati, "Kodi ndikulankhula ndi gadiyani wa Esinati? Zotsatira zija zabwera. Mubwere naye sabata ino."

Ndinakweza mawu kuti anzanga amve. "Matendawo tinawapeza kale kuno, ndipo tinawathamangitsa pa njinga." Ndinadula. Anthu anaseka, wina n'kundigulira botolo.

Anaimbanso mawa lake. Sindinayankhe. Anaimbanso sabata yotsatira. Ndinayang'ana nambala ija ikuwala m'dzanja langa mpaka inazima yokha. Esinati ankandifunsa, "Achimwene, achipatala sanaimbe?" Ndinkati iyayi.

Mfiti ndinali nditaichotsa, koma mlongo wanga sanachire. Ndinati ndimutengere kwa sing'anga uja akamuteme mphini. M'mawa wina ndinaimika njinga pakhomo, ndinalowa, n'kumugwira mikono yonse iwiri kuti ndimudzutse. Ndinakoka monga mmene umadzutsira munthu aliyense.

Ndinamva kuti thyo, ngati phesi louma. Mkono wamanja unathyokera m'dzanja langa, pamwamba pa chigongono.

Sanakuwe nthawi yomweyo. Anayamba wandiyang'ana. Maso amenewo ndimawaonabe. Kenako ndiye anayamba kulira, kulira kwake kopanda mawu.

Mukuganiza kuti ndinalapa pamenepo? Ayi. Ndinamanga mkonowo ndi timitengo ta nsungwi, n'kutuluka panja kukauza anthu kuti onani, munthu uja akumumenyabe ali ku Machinga. Mtima wa munthu wonyada ndi wotero. Umalolera kuthyola fupa lachiwiri kusiyana n'kunena kuti ndinalakwa.

Miyezi inayi inatha chichokereni a Paulino. Dimba linauma. Mbuzi ziwiri ndinamwera. Esinati anatuluka zilonda kumsana chifukwa chogonera mbali imodzi, popeza aliyense ankaopa kumugwira. Mapazi anatupa, mkodzo unachepa, ankangosanza.

Amene anatsegula chitseko chimene ine ndinatseka ndi amayi a mpingo uno. Ankabwera Lachinayi lililonse kudzamusambitsa. Mtsogoleri wawo, mayi Nasibeko, awo akhala kutsogoloko, anatenga kabuku ka kuchipatala ka Esinati n'kuwerenga. Anapeza polembedwa kuti adikire zotsatira. Anandipeza ndili pakhonde.

"A Loya, achipatala anaimba kapena sanaimbe?"

Ndinayamba kuzungulira. Iwo anati, "Ndafunsa funso la mwana wa sitandade wani. Anaimba?"

Mawa lake anabwera ndi galimoto ya mkulu wa mpingo, namunyamula Esinati pa matiresi, osandipempha chilolezo. Ndinakwera nawo kumbuyo, cholinga changa chili chokakangana ndi madokotala.

Tinapeza dokotala yemwe uja wa magalasi. Anamukumbukira Esinati. Atamuona mmene analili, anavula magalasi. Anamugoneka m'wodi, anamutenga magazi, ndipo mawa lake anandiitana ine ndi mayi Nasibeko. Anatulutsa pepala m'faelo. Linali litakhala mmenemo miyezi yoposa itatu, likudikira ine.

Anati matendawa ndi khansa ya m'mafuta a m'mafupa, dzina lake mayeloma. Imadya fupa kuchokera mkati, n'chifukwa chake timabowo tija ndi kuthyokathyoka kuja. Imalepheretsa thupi kupanga magazi. Ikakhalitsa imawononga impso.

Loya mwa ine anali asanafe. Ndinati, "Nanga bwanji fupa linali lopanda kanthu? Ndinaona ndekha."

"Silinali lopanda kanthu, bambo. Linali lodzaza."

Anafotokoza kuti odwala ambiri a matendawa akawabaya, mafuta amatuluka, ndipo matenda amaoneka msanga. Koma kwa Esinati zinali zachilendo. Atayeza kachidutswa kaja anapeza kuti mkati mwa fupa khansa yathithikana, ndipo pakati pake pamera ulusi wolimba ngati chipsera, wolukanalukana, wogwira zonse pamodzi. Singano inkakoka, koma panalibe chimene chikanasuntha.

Ine ndalimapo thonje. Ndinakumbukira belo limene mwalipondera bwino, anthu awiri kudumphira mkati. Ukapisamo zala kuti utsomphole pang'ono, sutulutsa kanthu. Si kuti mulibe thonje. Lachuluka.

Palibe amene anayamwa mlongo wanga, abale. Palibe.

Ndinafunsa ndi mawu ang'ono ngati munthu angathe kuika matenda amenewa mwa mnzake. Anati iyayi. Ndinafunsa ngati achira. Sanandinamize. Anati matendawa satheratu, koma pali mankhwala amene amawagonetsa, munthu n'kudzuka, n'kumayenda, ena mpaka zaka. Anati nthawi imene ankaimba foni ija impso za Esinati zinali zikugwirabe ntchito. Tsopano zinali zitatheratu, ndipo thupi linali lofooka moti silikanapirira mankhwala amphamvu. Chimene akanatha ndi kuchepetsa ululu.

Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangofunsa kuti, "Bambo aja ankamutembenuza ndi chitenje aja ali kuti? Ndinaonetsa manesi anga njira yawo ija."

Ndinatuluka. Pa umboni anthu amayembekezera kuti ndinene kuti ndinagwada pomwepo. Ine ndinapita kunja kwa geti, ndinagula kabotolo, ndinamwa konse. Ndinagula kena. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga mowa unakana kugwira ntchito. Mutu unali mbee, ndipo m'khutu munkangomveka thyo uja.

Mayi Nasibeko anandipeza kuseri kwa wodi, pamene magadiyani amayanika zovala. Ndinali nditakhala pansi, ndikulira ngati mwana. Ndinawauza zonse: foni zitatu zija, mkono, malata, nsanje. Ndinati ndapha mlongo wanga, Mulungu sangandifunenso.

Iwo sanandisisite. Anati, "Misozi yanuyi siitembenuza wodwala. Mulungu savuta, Mwana wake anafera anthu ngati inu nomwe. Tigwada pompano mumuuze zimene mwandiuzazi. Tikadzuka, mukwere minibasi mukatenge mwamuna wa mwini."

Tinagwada pa simenti yonyowa, pansi pa zitenje za anthu. Sindinkadziwa kupemphera. Ndinangoti, Yesu, ndine wabodza, ndine wakupha, ngati mumalandira otere ndilandireni. Sindinaone kuwala, sindinamve mawu. Koma nditadzuka, chinthu chimene chinkandiuza moyo wanga wonse kuti sindilakwa chinali chitachoka. Kuyambira tsiku limenelo mowa sunadutsenso pakhosi panga.

Ndisananyamuke ndinalowa kukamuona Esinati. Matenda a impso anali atamusokoneza mutu. Masiku apitawo aliyense wolowa ankamutcha Paulino, ngakhale nesi. Tsopano anali atasiya kulankhula. Maso anali otseka. Dokotala anati masiku ake ndi owerengeka. Ndinkapempha chinthu chimodzi chokha, kuti alamu amupeze akupuma.

Ndinatsika pa Liwonde, ndinakwera minibasi ina yopita ku Nsanama, kenako kabaza. Ndinafika dzuwa litapendeka pang'ono. Mlongo wawo wa a Paulino atandizindikira anatuluka ndi munsi m'manja, ndipo sindikanamudandaula akanandiphwanya nawo. Anandiuza zimene sindinkadziwa. Mbiri ya ufiti inawatsatira alamu mpaka kwawo. Ana ankathawa akawaona. Kutchalitchi benchi lawo linkakhala la iwo okha. Ankagona m'khitchini ya mlongo wawoyo, munthu amene anamanga nyumba ya malata.

Ndinawapeza kumunda akupanga mizere. Anali ataonda. Njira yonse ndinkakonza mawu, poti ndine Loya. Nditafika mawu onse anathawa. Ndinagwada pakati pa mizere.

"Alamu, ndinalakwa. Madokotala apeza matenda. Ndi khansa. Si inu."

Anatsamira khasu. "Ine ndimadziwa kuti si ine."

Kenako anafunsa za mkazi wawo.

"Ali moyo?"

"Ali moyo, koma salankhula."

Anasiya khasu pomwepo, m'munda. Analowa m'khitchini muja, natuluka atavala malaya ena, chitenje chakale chija chili m'khwapa. Ulendo wonse tinakhala mpando umodzi, mapewa akugundana, koma sanandilankhule ngakhale liwu limodzi. Kondakitala atafunsa ngati tili limodzi, iwo anati, "Tikupita kumodzi."

Tinafika m'mawa mwake, nthawi yoona odwala. Anaima pambali pa bedi n'kuyang'ana mkazi wawo. Anaona mkono womangidwa uja. Anaona zilonda. Anatembenuka kundiyang'ana kamodzi kokha, ndipo ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Anamuitana, "Esinati." Sanayankhe. Anamuitananso. Zii.

Ndiye anapinda chitenje chija theka. Anachilowetsa pansi pa mapewa, pang'onopang'ono, mpaka m'chiuno. Anazungulira bedi, nagwira nsonga zake, nakoka. Thupi linatembenuka lonse limodzi, mofewa, monga kale.

Esinati sanatsegule maso. Koma milomo inagwedezeka, ndipo tonse tinamva.

"Mwachedwatu kudimbako."

A Paulino anati, "Eya, ndachedwa. Ndimathirira."

Anakhala naye masiku atatu. Ankamutembenuza, kumupukuta, kumunyowetsa milomo ndi kansalu. Tsiku lachitatu masana Esinati anapita, dzanja lake lili m'dzanja la mwamuna wake.

Masiku atatu, abale. Ndinawabera miyezi inayi, ndinawabwezera masiku atatu. Mwinanso ndinawabera zaka, Mulungu yekha ndiye akudziwa. Anthu amanditonthoza kuti inali nthawi yake. Musandiuze zimenezo. Pepala linali m'faelo, foni inali m'thumba mwanga. Madzi akatayika saoleka.

Titaika maliro, inafika nthawi yosudzula, yomasula mkamwini kuti abwerere kwawo. Mwambo umati wolankhula ndi mwini mbumba. Ndinaitana abale pansi pa mango omwe aja. Ndinanena pamaso pa onse kuti ndinanama, kuti munthuyu sanalakwe, kuti achipatala anaimba katatu ine n'kubisa. Ndinapempha a Paulino kuti asachoke. Ndinati nyumba ndi yawo, dimba ndi lawo, mbuzi ndidzabweza.

Anati, "Ine kuno ndinabwerera Esinati. Sindinabwerere dimba."

Ndinapempha kuti andikhululukire. Ndikanakonda kukuuzani kuti tinakumbatirana, anthu n'kuyimba nyimbo. Sizinatero. Iwo anati, "Mulungu wakukhululukirani, zimenezo sindikukayika. Ine ndikuyesa. Tsiku lina zimatheka, tsiku lina ndikakumbukira mkono uja sizitheka. Musandithamangitse, alamu."

Anakwera kabaza, napita. Papita chaka ndi miyezi. Ndimawaimbira mwezi uliwonse. Nthawi zina amayankha, timafunsana za mvula. Nthawi zina foni imangolira mpaka kuduka, ndipo ine ndimakhala ndikumvetsera kulirako mpaka kumapeto. Ndilibe pakamwa podandaulira.

Nyumba ya malata ija ili chotseka. Ndimadutsapo tsiku lililonse, tsopano ndili bwinobwino, osaledzera. Kale inkandipweteka chifukwa cha nsanje. Lero imandipweteka koposa.

Chimene Yesu wandichitira ndi ichi. Sanandichotsere chikumbumtima, ndipo sindipempha kuti achichotse. Anandichotsera botolo, anandichotsera u Loya, anandipatsa ntchito. Lachinayi lililonse ndimayenda ndi amayi a mpingo kukaona odwala. Pakakhala bambo wogona amene akufunika kutembenuzidwa, amaitana ine. Ndimayenda ndi chitenje m'thumba. Anzanga akumowa amandiseka kuti Loya wasanduka mzamba. Mawu ake ndi omwe aja ndinkanenera alamu. Njirayo sanandiphunzitse pa tsiku limene anapempha kuti andionetse. Ndinaiphunzira nditaima kumapazi a bedi, masiku atatu aja.

Koma pali chinthu chimene chikundiwawabe, ndipo n'chimene ndaimirira pano. Bodza langa likadali ndi moyo. Sabata yatha pachigayo ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti mkamwini wa kwa Esinati uja anali wokhwima. Ine ndinalapa, koma bodza silinalape. Linalowa m'nyumba zanu, ndipo ena mwabwera nalo muno m'tchalitchi. Ndikukupemphani m'dzina la Yesu, lisiyeni pano lero. A Paulino ndi munthu wosalakwa. Fupa la Esinati linali lodzaza ndi matenda, ndipo amene anamuchedwetsa kuchipatala ndi ine, mchimwene wake.

Inu amene muli ndi wodwala kunyumba, msana sukutha, magazi akungotha, mafupa akuthyoka popanda chifukwa, pitani naye. Dokotala akanena zimene simukumvetsa, funsaninso. Akati dikirani, dikirani. Musathamangire kuloza munthu chala. Ndipo pa nambala ya gadiyani muzilemba ya munthu amene amatembenuza wodwalayo, osati ya amene ali ndi mawu aakulu pamudzi.

Inu amene muli ngati mmene ndinalili ine, odziwa zonse, osalakwa, botolo lili m'thumba la jekete, ndikukuonani, chifukwa nkhope imeneyo ndinaivala zaka zambiri. Yesu akukuitanani. Musadikire kuti chinthu chithyokere m'manja mwanu.

Ndikuyamika Mulungu amene sanandidule monga ndinadulira ine. Ndikuyamika Yesu amene analandira wabodza pa simenti yonyowa. Ulemerero ukhale kwa Iye yekha.

Abusa akaitana, bwerani kutsogolo kuno. Bwerani lero. Ine ndinabwera mochedwa, ndipo anandilandira ndithu. Koma Esinati ali kumanda, ndipo alamu anga ali ku Machinga, akuyesabe.

Dzina la Ambuye lilemekezeke. Amen.